Kwa a Makaiko Kulibe Dazi

1

Dzina langa ndine Enifa Makaiko, wa kwa Malemia kuno ku Domasi, ndipo ndisakunamizeni kuti ndine munthu wofatsa. Pakamwa panga pamadziwika kuyambira pa mjigo wa m'mudzi mwathu mpaka pa msika wa Songani. Ukwati wanga unatha kalekale, dzina la mwamunayo ndinamubwezera n'kutenganso la bambo anga, ndipo sindinagwetsepo msozi.

Bambo angawo, malemu a Makaiko, anali mphunzitsi komanso mkulu wa mpingo. Chithunzi chawo chili pakhoma pabalaza mpaka lero: jekete, tayi, ndi imvi zodzaza mutu wonse, zopesedwa bwinobwino. Anamwalira ali ndi zaka 81 tsitsi lawo lonse lili m'mutu. Abale awo onse anali chimodzimodzi. Lamulungu lililonse m'mawa bambo ankakhala pakhonde ndi chipeso ndi kagalasi, n'kumanena mokweza kuti odutsa amve, "Kwa a Makaiko kulibe dazi." Ife ana tinawaloweza mawuwo tisanaloweze n'komwe Pemphero la Ambuye.

Tinabadwa awiri, ine ndi achimwene anga a Lackson. A Lackson ndi kalipentala, munthu woti ukamufunsa funso m'mawa yankho lake umalandira madzulo. Anakwatira Ennie wa ku Naisi n'kukakhala chikamwini kwawo kwa mkaziyo. Ennie ameneyu sindinamukondepo ngakhale tsiku limodzi. Agogo ake anabwera dzanadzanali kuchokera ku Mozambiki atasenza mphasa pamutu, iye sukulu analekera sitandade 6, koma akamayenda mumachita ngati msewu wa Liwonde anaulambula ndi bambo ake. Chondinyansa kwambiri chinali chakuti ukamunyoza samayankha, amangokuyang'ana. Munthu wotere amatopetsa.

Ndiye taonani zimene anawachita achimwene anga. Atangokwatirana, a Lackson anayamba kumeta mpala, ati utuchi wa matabwa umawayabwa m'tsitsi. Utuchi! Akalipentala onse a pa Songani ali ndi tsitsi, utuchi wake umasankha a Lackson okha? Ine ndinadziwa kuti ndi nzeru za mkazi, kufuna kuonetsa kuti mwamuna ali m'manja mwake. Mwana wa a Makaiko kumayenda mutu uli nyezinyezi ndi vaselini ngati wongotuluka kundende!

Chabwino chimodzi chimene chinatuluka m'nyumba imeneyo ndi mwana wawo mmodzi yekhayo, Brighton. Ameneyo ndinkamukonda. Pamene ankaphunzira sekondale ankakhala kwathu, ndipo ndinkamuuza tsiku ndi tsiku kuti asaiwale kuti ndi Makaiko.

2

Chaka chatha mwezi wa Epulo, Brighton anafika kwathu Loweruka masana. Anali ndi zaka 24, akukonza mafoni m'tauni ya Zomba, ndipo anali atapeza mbeta yoti amange nayo banja. Anakhala pampando pansi pa chithunzi cha agogo ake, chipewa chili kumutu.

"Iwe, wasanduka bwana liti? Vula chimenecho, uli m'nyumba."

Anachivula pang'onopang'ono n'kuweramitsa mutu.

"Azakhali, taonani. Kodi zimenezi zimaima, kapena zingopitirira mpaka kunkhongo?"

Mayo ine! Mbali zonse ziwiri za pachipumi tsitsi linali litabwerera m'mbuyo, pakati n'kungotsala kamtsitsi kolozera kumphuno. Ndinagwira ndi chala, pali see, posalala. Linali dazi lenileni, pamutu pa mdzukulu wa a Makaiko.

"Ziima," ndinatero. "N'chipewa chakochi chikudya tsitsi. Kwathu kuno kulibe zimenezi."

"Anzanga kuntchito akuti ndi chizindikiro cha chuma."

"Anzako ndi mbuzi. Khala pansi."

Ndinalowa m'ntchito. Mafuta a nsatsi ndinayenga ndekha. Anyezi ndinasinja n'kumamupaka Loweruka lililonse, mwana wa eni ake n'kumakwera minibasi akununkha ngati ndiwo. Kenako ndinagula kabotolo kena pa Songani kolembedwa zilembo zosawerengeka, ndipo kanamutulutsa timatuza. Miyezi inayi inatha ife tikupaka, dazi likungokwera osatiyang'ana n'komwe.

Mu Ogasiti ndinamuperekeza kwa dokotala wina m'tauni. Anali mtsikana wamagalasi woti ndikanatha kumubereka ine. Anayang'ana mutu wa Brighton kamphindi kochepa n'kukhala pansi.

"Amayi, awa si matenda," anatero. "Kwa amuna ena tsitsi limabwerera pang'ono n'kuima pomwepo zaka zambiri. Kwa ena limapitirira. Palibe amene angakuuzeni lero kuti mwana wanuyu ali mbali iti. Mankhwala ochedwetsa alipo, koma ndi osalekeza, ukasiya limayambiranso. Koma anyeziyo ndiye musiye."

"Nanga chimayambitsa n'chiyani?"

"Kawirikawiri ndi zakumtundu."

Anapitiriza kulankhula, akuloza uku ndi uku ndi cholembera chake, koma makutu anga anatsekera pa mawu amenewo. Zakumtundu? Mtundu wake uti? Abale ake a Ennie ndimawadziwa onse, tsitsi lawo ndi lolimba loti chipeso chimathyoka. Komanso aliyense akudziwa kuti mwana wamwamuna mutu amatengera bambo ake. Ndinamudula pakamwa dokotalayo, n'kunyamula chikwama changa.

3

Pobwerera Brighton anatsala m'tauni, ine ndinatsika pa Songani kuti ndigule matemba. Pakhonde la sitolo ina pamakhala telala wakalekale, a Malcolm. Tsiku limenelo anali atawerama pa makina awo, dzuwa likuwala pa dazi lawo. Ndinaima pakati pa msewu matemba ali m'manja, mpaka wanjinga anandiimbira belu.

Ndinakumbukira. Chaka chimene Ennie anatenga pathupi pa Brighton, ankapita kwa a Malcolm kukaphunzira kusoka, Lachiwiri ndi Lachinayi. Anaphunzira miyezi isanu ndi umodzi, koma mpaka lero akasoka diresi mpendero wake umakhota. Ndiye miyezi yonseyo ankaphunzira chiyani?

"Amayi Makaiko, muli bwanji?" anatero a Malcolm atadzutsa mutu. "Muli ndi chosoketsa?"

"Ayi bambo, inu munasoka kale. Ndipo ntchito yanu yayamba kuoneka."

Anangoseka osamva kanthu, n'kupitiriza kupalasa makina.

Ndisabise, ndinasangalala. Mtima wanga unangoti myaa. Zaka zoposa makumi awiri ndinali ndikufufuza banga pa Ennie osalipeza. Samamwa, samayenda m'makomo, yunifolomu yake ya Mvano imakhala yoyera kuposa yanga. Lero banga linali litamera lokha pamutu pa mwana wake, poti aliyense aone. Za Brighton, kuti nkhaniyi imuchita chiyani, sindinaganizeko. Ndinadziuza kuti ndikuteteza dzina la bambo anga.

M'mawa mwake ndinapita ku mjigo. Kumeneko kumakhala Happiness, mayi woti ukamuuza kanthu usanatule chidebe pamutu, nkhani yafika kale kwa mfumu. Sindinanene zambiri ayi. Ndinangofunsa funso.

"Anzanga, kodi munaonapo chimanga chikubala mapira?"

"Iii, a Enifa, mwayambatu. Mapira ake ati?"

"Kwa a Makaiko kulibe dazi, inu mukudziwa. Ndiye mwana wa alamu anga lamumera. Ine ndangodabwa, chifukwa pa Songani pali telala wina amene ankaphunzitsa anthu kusoka."

Happiness anasiya kupopa n'kugwira pakamwa. Sabata ziwiri zisanathe, nkhani inali itafika ku Naisi, kutchalitchi, ndi kwawo kwa mbeta ya Brighton, kumene anatumiza mawu kuti chinkhoswe chiyambe chaima mpaka adziwe kuti mnyamatayo ndi wa yani. Mkazi wa a Malcolm anakwera njinga mpaka pakhomo pa Ennie n'kukatukwana kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Amene analipo akuti Ennie anangomuyang'ana.

4

Mu Okutobala ankhoswe a mbali zonse ziwiri anaitanidwa. Tinakhala pansi pa mtengo wa mango pakhomo pa Ennie. Nkhoswe wathu anali amalume a Tobias, mlongo wawo wa malemu mayi anga. Anafika mochedwa pa njinga yawo yolira, thukuta likutsetsereka pa dazi lawo lalikulu lija, limene tili ana tinkalitcha bwalo la ntchentche. Amalume amenewa ndi munthu wosathandiza, pa mlandu amangoti "eya, eya" mbali zonse. Ndiye ndinadziwa kuti wolankhula ndikhala ine.

Ndinalankhuladi. Ndinayamba ndi bambo anga, n'kutchula abale awo mmodzimmodzi, ndi tsitsi lawo. Ndinatchula Lachiwiri ndi Lachinayi. Kenako ndinatembenukira kwa Brighton, amene anakhala pa njerwa chapatali.

"Vula chipewa, anthu aone."

"Azakhali, chonde."

"Vula!"

Anavula. Anthu anang'ung'udza. Ine ndinakhala pansi n'kukonza chitenje changa ngati munthu amene wamaliza ntchito.

Nkhoswe wa kuchikazi anafunsa Ennie ngati ali ndi mawu. Ennie sanayang'ane ine, sanayang'ane ankhoswe. Anayang'ana mwamuna wake, amene anakhala pampando chipewa chili pabondo, mutu uli nyezinyezi ngati mwa masiku onse.

"Bambo a Brighton, mwamva zimene akunena achemwali anu. Nenani."

A Lackson anayang'ana pansi. Nyerere zinali zikudutsa pafupi ndi nsapato yawo, ndipo anaziyang'anitsitsa ngati awalemba ntchito yoziwerenga.

"Bambo a Brighton, ine sindinena. Inu mukudziwa chifukwa chake sindinena. Nenani ndinu."

"Ine nkhani zimenezi... ndi zovuta," anatero achimwene anga.

Brighton anaimirira, chipewa chili m'manja.

"Ababa, ndine mwana wanu kapena ayi?"

Amalume a Tobias anapukuta thukuta pamutu n'kunena kuti "eya", osadziwika kuti akuvomera chiyani. A Lackson sanadzutse mutu. Brighton anadikira pang'ono, kenako anatuluka pampanda n'kulunjika kumsewu osatsanzika munthu.

Apo Ennie anaseka. Sindinamumvepo akuseka choncho, kuseka kouma kopanda chimwemwe. Analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi sutikesi. Anabwereranso, n'kutuluka ndi macheka, nyundo, ndi thumba la misomali. Anaziika bwinobwino pamapazi pa amalume.

"Ankhoswe, tengani mbale wanu. Pakhomo pano ndi pa mayi anga."

Pobwerera ndinasenza sutikesiyo ndekha, ndipo sinandilemere. Ndinauza aliyense amene tinakumana naye kuti wolakwa wathawa mlandu pothamangitsa mwamuna.

5

Tsiku limenelo ndinapha nkhuku. A Lackson anadya chiwalo chimodzi n'kukagona.

Anakhala kwathu ngati mlendo wodikira basi. Matabwa anasiya, kutchalitchi anasiya. Anagula chipewa cha ulusi, chija amavala alonda mu Juni, n'kumachivala m'kutentha kwa Okutobala, podya pomwe. Masiku ena ankadzitsekera kubafa ndi lezala nthawi yaitali, n'kutuluka ndi mabala kunkhongo, magazi akudontha pa kolala.

"Achimwene, pa Songani pali ometa anayi. Mukudzichekeranji ngati nkhumba ya pa Khirisimasi?"

"Ndizolowera."

"Kapena ingolisiyani limere. Mkazi uja kulibe kuno. Muonekenso ngati mwana wa bambo anu."

Anandiyang'ana kamodzi n'kutuluka panja. Ine ndinati ndi chisoni cha mwamuna wopusa amene akulirabe mkazi womuchita chipongwe, ndipo ndinawauza zomwezo.

Mu Disembala mvula itayamba, malungo anawagwira. Ndinawatengera kuchipatala, anawapatsa mankhwala, koma thupi linali litafooka kale chifukwa chosadya. Anagona sabata ziwiri osatha ngakhale kunyamula kapu. Chipewa chokha ndi chimene ankachigwira ndi manja awiri, ngakhale ali m'tulo.

Tsiku lina masana thupi linatentha kwambiri. Ndinabwera ndi beseni la madzi ndi kansalu.

"Chotsani chimenechi, mupsa nacho."

"Musavule, achemwali."

"Mukufuna mufere m'chipewa?"

"Enifa, ndapota nawe, usavule."

Chibadwire sananditchulepo dzina choncho. Koma ine ndi ine. Ndinachikoka, manja awo n'kugwera pabulangete.

Tsitsi linali litamera. Kunkhongo, m'mbali, ndi pamwamba, imvi zosakanikirana ndi lakuda zinali zitatuluka bwinobwino. Koma mbali zonse ziwiri za pachipumi panali see, posalala, popanda ngakhale kamodzi, ndipo pakati panali kamtsitsi kolozera kumphuno. Ndinali nditaupaka anyezi mutu umenewu miyezi inayi, ndiye sindikanausokoneza ndi wina. Unali mutu wa Brighton, wongokalamba.

Kansalu kanagwera m'beseni. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, ndipo ndili pomwepo ndinkaona chithunzi cha bambo pabalaza. A Lackson anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira ngati mwana.

6

Ndinadikira masiku atatu kuti apezeko mphamvu. Osati chifukwa cha chifundo ayi, ndinkafuna ayankhe atakhala tsonga.

"Linayamba liti?"

"Ndili ndi zaka 23, titangokwatirana."

"Ndiye utuchi uja?"

"Panalibe utuchi. Ndinaliona pagalasi, ndinakumbuka mawu a bambo. Ndinati ngati kwa a Makaiko kulibe dazi, nanga ine ndine wa yani? Bambo anali moyo, mayi anali moyo. Ndikanafika nalo pakhonde paja, bambo akanawayang'ana bwanji mayi? Ndinauza Ennie. Ndinamugwiritsa Baibulo kuti sadzauza munthu mpaka imfa. Iye ndiye anati, bwerani ndizikumetani. Lachitatu ndi Loweruka m'mawa, kuseri kwa nyumba, ndi lezala latsopano, kenako vaselini. Sanaphonyepo, ngakhale sabata imene anabereka Brighton."

"Zaka zonsezi?"

"Zaka 26. Ndipo linaima lokha ndisanafike zaka 30. Mmene mukulioneramu ndi mmene linalili nthawi imeneyo. Silinapitirire."

"Nanga pansi pa mango paja? Mwana wanu akukufunsani pamaso pa anthu?"

"Ndikanati chiyani? Kuti ndi wanga, taonani mutu wangawu? Inuyo mukanafunsa pomwepo kuti nanga ine ndine wa yani. Mayi ali m'manda, sangadziyankhire."

Ndinawayang'ana. Munthu wamkulu ndevu pepeya, anasankha kuti mkazi wamoyo atchedwe hule, mwana wamoyo atchedwe wapathengo, pofuna kubisa zigamba ziwiri zosakwana chikhatho. Ndinafuna kuwalavulira. Kenako ndinakumbuka amene anayambitsa zonsezi, malovu n'kubwerera kukhosi.

Mu Januwale ndinagwira nkhuku yathadzi n'kupita ku Naisi. Ndinapeza Ennie akupalira chimanga kuseri kwa nyumba. Anandiona, sanasiye khasu mpaka anamaliza mzere.

"Alamu, ndaona mutu wa achimwene," ndinatero.

"Mwauona? Ndi wabwino eti? Ine ndaugwira m'manja mwangamu zaka 26, ndikudziwa paliponse pamene lezala limakodwa."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinalumbira. Komanso ndinafuna ndione ngati mwamuna amene ndamubisira manyazi ake moyo wanga wonse angatsegule pakamwa kamodzi kokha chifukwa cha ine. Ndinaona."

"Ndabwera kudzapepesa. Abwerere pakhomo pawo."

Anandiyang'ana monga amachitira muja, koma ulendo uno analankhula.

"A Enifa, inu munaphunzira, bambo anu anali aphunzitsi. Brighton anandiuza zimene ananena dokotala uja inu mukunyamula chikwama. Anati zimachokera kuchimuna kapena kuchikazi, konsekonse. Munda umene mumalima munalandira kwa mayi anu. Nkhoswe wanu ndi mlongo wa mayi anu. Koma dazi lokha mukufuna lichokere kwa bambo basi? A Tobias anakhala pansi pa mango apo tsiku lonse, mutu ukuwala moti nkhuku zimadziyang'anirapo, inu muli kalikiliki kufunafuna telala wa pa Songani. Mayi anu sanalakwe kanthu. Mwana wawo anangotengera kwa amalume ake, ndipo mdzukulu watengera kwa bambo ake."

Bwalo la ntchentche! Ndinaliseka ubwana wanga wonse, ndinakhala nalo moyang'anizana pa mlandu, osaliona. Ndinakhala pa mzere wa chimanga.

Ennie analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabeseni kakang'ono kosweka m'mphepete. Munali malezala otsala ndi botolo la vaselini. Anakaika pamiyendo panga.

"Lachitatu ndi Loweruka. Muziyambira kunkhongo, ali ndi kanjerewere kuseri kwa khutu lamanzere. Nkhuku yanuyo bwererani nayo, odwala ali kwanu."

Anatola khasu lake n'kuyamba mzere wina.

7

Kabeseni kaja sindinakagwiritse ntchito. Malezala ndinataya m'chimbudzi, chipewa cha ulusi ndinachiotcha. Ndinati nkhani imene ndinaiwononga pagulu ndiikonza pagulu. Lamulungu ndinawaveka a Lackson jekete ya bambo n'kuwatsogoza kutchalitchi, mutu uli pamtunda. Anayenda ngati mbuzi yopita kokaphedwa, koma sindinawamvere chisoni. Anakhala kutsogolo mbali ya azibambo, ndipo ulaliki wa tsiku limenelo sindikhulupirira kuti alipo anaumva.

Lolemba m'mawa ndinapita ku mjigo mutu uli m'mwamba, kuti ndikamalize ntchito. Ndinapeza amayi asanu, Happiness ali pakati.

"A Enifa, taonatu dzulo," anatero. "Ndiye Brighton ndi wa a Lackson ndithu, palibe wokana. Mutu umodzimodzi."

"N'zimene ndabwera kudzanena. Ndinalakwitsa. Alamu anga alibe mlandu."

"Eya, Ennie alibe mlandu. Koma paja munati chimanga sichibala mapira. Kwa a Makaiko kulibe dazi. Nanga a Lackson ndi a yani?" Anayang'ana anzake, n'kutsitsa mawu ngati akundimvera chisoni. "Kodi malemu mayi anu aja, a Mvano aja, nawonso ankaphunzira kusoka?"

Mjigo wonse unagwa nako kuseka.

Ndinakuwa. Ndinatchula amalume a Tobias, ndinatchula dokotala, kuchimuna ndi kuchikazi, zonse. Palibe anamva. Zonena za dokotala sizikoma pa mjigo, ndipo ine ndimadziwa bwino zimenezo chifukwa nanenso ndinanyamula chikwama iye akulankhula. Mayi anga anakhala m'banja zaka 52 popanda wowaloza chala. Agona m'manda zaka zisanu ndi zinayi mwaulemu. Lero ana a sukulu akamadutsa pamanda paja amanong'onezana, ndipo wawavula ndine, mwana wawo wamkazi. Chimene a Lackson anachiopa zaka 26 mpaka kutaya nacho banja, ine ndinachichita m'mawa umodzi ndi jekete ya bambo.

Brighton anakwatira mu Juni. Akwawo kwa mkazi atamva za mutu wa a Lackson anavomera chinkhoswe, koma khadi silinafike kwathu. Amene anapita akuti pa mpando wa bambo a mkwati panakhala mlongo wake wa Ennie. Pa chikwangwani cha shopu yake m'tauni panali polembedwa kuti B. Makaiko. Ndinadutsapo mwezi watha, dzina lachiwirilo analipaka penti. Mwini wake ndinamuona chapatali atawerama pa foni ya kasitomala, wopanda chipewa. Anadzutsa mutu, anandiona, n'kuweramanso.

Inu amene mukuwerenga, mwina mwafika mpaka pano chifukwa nanunso tsitsi layamba kuthawa pachipumi, kapena la mwamuna wanu, kapena la mwana wanu, ndipo mukufuna kudziwa zimene Brighton anandifunsa, ngati zimaima. Ndikuuzani zimene ndaona ndi maso angawa. La achimwene anga linaima lokha, popanda anyezi, popanda nsatsi. La amalume a Tobias silinaime mpaka linafika kunkhongo, ndipo ali ndi zaka 78, akupalasabe njinga, mkazi wawo akadali pakhomo. La Brighton sindikudziwa, chifukwa sindiloledwanso kufika pafupi poti n'kuliona. Pitani kwa dokotala, ndipo akamalankhula mudikire amalize. Mukafuna kufufuza kumene lachokera, muyang'ane mbali zonse ziwiri za banja musanatsegule pakamwa.

Musandimvere chisoni, sindikuchifuna, ndipo a Lackson musawamvere n'komwe. Funso limodzi limene ndinafunsa pa mjigo silinaime pamene ndinkafuna kuti liime. Linadutsa pa Ennie, linadutsa pa Brighton, mpaka lakafika pamanda a mayi anga, ndipo likupitabe.

Chithunzi cha bambo chikadali pakhoma, tsitsi lonse lili m'mutu. Pansi pake pamakhala a Lackson tsiku lonse, opanda chipewa, opanda mkazi, opanda mwana. Lachitatu ndi Loweruka m'mawa amadzuka molawirira, n'kukakhala okha kuseri kwa nyumba, ndipo ine ndimawaona pawindo ndikamatsuka mbale.